Kodi mumadziwa? Asibesitosi m'nyumba zakale, malamulo ake ndi mtengo womuchotsera

Kodi mumadziwa kuti ku Australia nyumba imodzi mwa nyumba zitatu zilizonse ili ndi asibesitosi penapake? Boma la kumeneko limauza anthu mosabisa kuti nyumba yomangidwa kapena kukonzedwa chaka cha 1990 chisanafike aziitenga kuti asibesitosi alimo, kufikira akatswiri atayeza n'kupeza kuti mulibe. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu anadzazana m'mizinda ya Sydney, Brisbane ndi Perth, njerwa zikusowa, ndipo mabanja ongoyamba kumene anathamangira mabolodi a simenti yosakaniza ndi asibesitosi, amene kumeneko amati fibro. Anali otchipa, moto sunkawagwira, chiswe chinkawalephera, ndipo bambo ankatha kuwacheka yekha ndi sowo Loweruka masana, ana akusewera pompo. Madera athunthu a kumadzulo kwa Sydney anamera motero. Nyumba zija tsopano zakalamba, ndipo ozigula ndi achinyamata ofuna kugumula apa n'kuwonjezera apo. Malamulo onse ndi ndalama zonse zimene tikambe pano zagona pa kugumulako.

Kodi mumadziwa kuti asibesitosi sapangidwa m'fakitale? Ndi mwala wokumbidwa pansi, umene ukauswa umanyenyeka kukhala timaulusi. Odziwika kwambiri ndi atatu: woyera, wofiirira ndi wabuluu. Kaulusi kamodzi diso silingakaone, mphuno singakamve, ndipo kakauluka kamatha maola ambiri kakuyandama m'chipinda. Paja tsoka silinunkha. Njira yosakanizira ulusiwu ndi simenti n'kupanga mabolodi ndi malata anaipeza ndi Ludwig Hatschek wa ku Austria mu 1900, ndipo m'malata oterewa asibesitosi amakhala gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kupitirirako pang'ono.

Kodi mumadziwa kuti umboni woyamba wamphamvu wakuti asibesitosi amayambitsa khansa ya mesothelioma unatuluka kuno kum'mwera kwa Africa? Mu 1960 dokotala Christopher Wagner ndi anzake awiri anafalitsa zimene anapeza mwa odwala 33 a mesothelioma, khansa yogwira kachikopa kokuta mapapo. Pafupifupi onsewo anali atakhudzanapo ndi asibesitosi wabuluu wa m'migodi ya kumpoto chakumadzulo kwa chigawo cha Cape ku South Africa. Ena mwa iwo sanatsikepo mumgodi ndi tsiku limodzi lomwe. Anangokulira pafupi, n'kumasewera pamilu ya zotsalira ali ana. Khansayi imadikira zaka 20, 30, mwina mpaka 50 isanaonekere, ndipo ikaonekera mankhwala ake amangotalikitsako masiku. Palinso khansa ya m'mapapo, imene imanyanya kwa wosuta fodya, komanso nthenda youmitsa mapapo yotchedwa asbestosis, yochititsa befu ngakhale munthu atangokhala pampando. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha asibesitosi amene anapuma pantchito. Ku Australia kokha amafa pafupifupi 4,000 pachaka, kuposa ofa pa ngozi za pamsewu.

Nanga mumadziwa kuti, zonsezi zili apo, lamulo silikakamiza mwini nyumba kuchotsa asibesitosi amene ali bwinobwino? Ambiri amadabwa nazo. Ku Australia anamuletseratu pa 31 Disembala 2003, ku Britain mu 1999, koma choletsedwacho ndi kumugula, kumugulitsa ndi kumangira. Amene ali kale m'khoma amaloledwa kukhala. Bolodi lolimba, lopentedwa, losang'ambika, limagwira ulusi wake m'simenti ndipo silipweteka munthu. Ngozi imayamba tsiku limene wina wabwera ndi chobowolera, galayindala, sandipepa kapena nyundo. N'chifukwa chake akatswiri nthawi zambiri amalangiza kuti ngati simukumanga pamenepo, musiyeni, mupenteni, mulembe pamene ali, ndipo aliyense wobwera kudzakonza magetsi kapena mapaipi mumuuze asanayambe ntchito. Uphungu umenewu ndi waulere, ndipo ndi umene umanyalanyazidwa kwambiri.

Kodi mumadziwa kuti lamulo lonse limazungulira pa funso limodzi, loti asibesitosiyo akufumbutuka m'manja kapena ayi? Wolimba ndi uja womangika m'simenti kapena m'matailosi a pulasitiki a pansi. Wofumbutuka ndi amene ukamufinya ndi zala ali wouma amasanduka ufa, monga wokulungira mapaipi a madzi otentha, wothira m'siling'i ndi wopopera kunsi kwa denga. M'zigawo zambiri za Australia, wofumbutuka samukhudza wina aliyense kupatula kontilakitala wa laisensi ya Class A, ngakhale atakhala wodzaza chikhatho chokha. Wolimba akapitirira masikweya mita 10 amafuna wa laisensi ya Class B kapena A. Osafika pamenepo, mwini nyumba amaloledwa kuchotsa yekha potsata ndondomeko. Ku New South Wales kontilakitala amayenera kudziwitsa ofesi ya SafeWork NSW masiku 5 ntchito isanayambe.

Malire a masikweya mita 10 amenewa ine sandikhutiritsa. Ndi ochepa ndithu, makoma a kabafa kamodzi amatha kuwapitirira, koma mapapo sayeza ndi tepi. Munthu wosaphunzitsidwa woswa bolodi limodzi ndi nyundo m'chipinda chotseka amapuma fumbi lambiri kuposa katswiri wotsitsa denga lonse mwaluso. Mzinda wa Canberra ndi dera lake anaona zimenezi, ndipo kuyambira 2015 kumeneko salola munthu wopanda laisensi kuchotsa asibesitosi wamtundu uliwonse, kaya achepe bwanji.

Kodi mumadziwa kuti bolodi lolimba limatha kusanduka lofumbutuka usiku umodzi? Moto umaliphulitsa, matalala amaliswa, ndipo zaka zambiri za dzuwa ndi mvula zimalidya pamwamba mpaka ulusi kuonekera. Nyumba ya fibro ikapsa, phulusa lake lonse limatengedwa ngati loopsa, ndipo mtengo woyeretsa umakwera kwambiri. Moto wolusa wa m'tchire wa 2019 ndi 2020 utawononga nyumba zoposa 2,000 ku New South Wales, boma la chigawocho ndi boma lalikulu anachita kulipira okha ntchito yochotsa zogumuka, chifukwa eni ake ambiri sakanakwanitsa.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale mmisiri wa zaka makumi atatu pantchito sangatsimikize ndi maso? Mabolodi atsopano opanda asibesitosi amafanana kwambiri ndi akale. Chotsimikiza ndi labotale yokha, kumene amaika kachidutswa pa maikulosikopu. Ndipo amabisala m'malo amene munthu sungaganizire: kuseri kwa matailosi a m'bafa, pansi pa kapeti, m'guluu wakuda womatira matailosi, m'bolodi la mita ya magetsi, m'ngalande za madzi a mvula, m'mpanda, m'khola la nkhuku la kuseri kwa nyumba.

Kodi munaonapo mmene ntchito yoyenera imayendera? Anthu oyandikana nawo amauzidwa pasadakhale kuti atseke mawindo ndi kuanula zovala. Pabwalo amazunguliza tepi ndi zikwangwani, pansi n'kuyala pulasitiki wochindikala. Antchito amavala ovololo yoyera yovala kamodzi n'kutaya, yokhala ndi chipewa chake, ndi chophimba mphuno ndi pakamwa cha mtundu wa P2 chogwira bwino nkhope, moti wandevu amayamba wameta. Nsapato zake n'zopanda zingwe, poti zingwe zimasunga fumbi. Lata lililonse amayamba alinyowetsa ndi madzi osakaniza sopo kapena guluu, osati mothamanga, koma mowaza pang'onopang'ono. Kenako amamasula mabawuti limodzilimodzi ndi sipanala, n'kunyamula latalo lathunthu anthu awiri, kulitsitsa ndi manja mpaka pansi. Kuliponya n'koletsedwa, kulitsetsereka pa linzake n'koletsedwanso. Milu amaikulunga kawiri m'pulasitiki wa mamaikuloni 200, kumata ndi tepi, n'kulemba chenjezo. Tsache silifika pamalopo, ndipo makina opopera fumbi a m'nyumba sagwiritsidwa ntchito chifukwa amangomwaza ulusi kudzera kumbuyo. Pali makina ake a sefa yapadera. Pomaliza ovololo ija amaivula moipinda kuti kunja kulowe m'kati, imalowa m'thumba la zinyalala pamodzi ndi nsanza zopukutira, ndipo chophimba mphuno chimachoka pambuyo pa zonse.

Akakhala wofumbutuka, chipinda chonse amachimata ndi pulasitiki, makina n'kumakoka mpweya kuti uzingolowa osatuluka, ndipo antchito amatuluka kudzera m'kabafa kosambira. Banja silibwerera m'nyumbamo mpaka munthu wina wapadera, amene si wa kampani yochotsayo, atayeza mpweya n'kupeza kuti timaulusi sitikufika 0.01 pa mililita imodzi, n'kupereka chikalata.

Mukaona zimenezi simufunsanso chifukwa chake ntchitoyi imadula. Kodi mumadziwa kuti chotchipa pa zonse ndi kuyezetsa? Ku Australia kachidutswa kamodzi ku labotale kamadya madola makumi angapo basi. Kuchotsa makoma a bafa kapena denga la galaja kumafika sauzande kapena masauzande angapo. Nyumba yonse ya fibro, makoma ndi denga, imalowa m'masauzande makumi angapo, ndipo apo musanagule lata limodzi latsopano. Mtengo umakwera denga likakhala lalitali kapena lotsetsereka kwambiri, galimoto ikamalephera kufika pafupi, asibesitosi akakhala wofumbutuka, kapenanso dothi likakhala kuti laipitsidwa. Kumtaya amalipiritsa potengera kulemera, si mtaya uliwonse umalandira, ndipo umene umalandira umafuna kuuzidwa pasadakhale. Wopereka chikalata uja nayenso ali ndi mtengo wake. Inshuwalansi ya nyumba kawirikawiri silipira kuchotsa asibesitosi amene sanawonongeke pangozi. Choncho wopempha mitengo kwa makontilakitala afunse zinthu zitatu: nambala ya laisensi, ngati mtengowo ukuphatikiza kutaya ndi chikalata, ndiponso ngati adzam'patsa lisiti la kumtaya. Wotchipa modabwitsa amakhala kuti wadumpha chimodzi mwa zimenezi.

Kodi mumadziwa kuti kutsuka denga la asibesitosi ndi makina a madzi amphamvu ndi mlandu ku Australia? Madziwo amasenda simenti ya pamwamba, matope ake n'kumwazikira pa kapinga, pa mpanda, pa galimoto ndi pa zovala za oyandikana nawo. Akauma, mphepo imachita zotsalazo. Ntchito ya Loweruka limodzi imatha kubala bilu yoyeretsera mabwalo atatu kapena anayi.

Kodi mumadziwa kuti ku New South Wales katundu wa asibesitosi wopitirira makilogalamu 100 kapena masikweya mita 10 amalondoledwa pa kompyuta kuchokera panyumba mpaka kumtaya? Anachita zimenezi chifukwa cha anthu otaya usiku m'tchire ndi m'mphepete mwa misewu pothawa malipiro. Mu 2024 chindapusa chachikulu pa milandu ya zinyalala za asibesitosi anachikweza kufika madola 1 miliyoni kwa munthu ndi 4 miliyoni kwa kampani. Chaka chomwecho, mu Januwale, zidutswa za asibesitosi zinapezeka m'zinyatsi za mitengo zoyala m'maluwa pa paki yatsopano ya Rozelle Parklands ku Sydney, ndipo atafufuza anazipezanso m'malo ena ambirimbiri, kuphatikizapo masukulu.

Kodi munamvapo za Mr Fluffy? Imeneyi ndiyo nkhani yowawa kuposa zonse za eni nyumba. Kuyambira 1968 mpaka 1979 kampani yaing'ono ya ku Canberra yodziwika ndi dzinali inkayenda m'makomo kuthira asibesitosi wosasakaniza ndi china chilichonse, makamaka wofiirira, pamwamba pa siling'i kuti nyumba zizifunda, pakuti mzindawo umazizira koopsa. Ankamupopera ndi paipi ali wonyenyeka ngati thonje la m'pilo. Eni nyumba ankalipira mokondwa. Pakati pa 1988 ndi 1993 boma linayendera nyumba zikwizikwi, n'kuyeretsa zoposa 1,000 zimene linazipeza naye, ndipo anthu anabwerera m'nyumba zawo mtima uli m'malo. Ena anagulitsa, ena anagula, ana anabadwiramo. Mu 2013, pogwetsa nyumba ina m'dera la Downer, anapeza kuti ulusi unali utatsikira m'kati mwa makoma mpaka kunsi kwa nyumba, ndipo unkatulukira m'ming'alu kulowa m'makabati a zovala ndi m'zipinda zogona. Kuyeretsa kuja sikunathandize.

Mu Okutobala 2014 boma la dera la Canberra linagamula kuti nyumba zoterezi sizingakonzeke. Linabwereka madola 1 biliyoni ku boma lalikulu kuti ligule nyumba zoposa 1,000, lizigwetse, lichotse dothi lapamwamba, ligulitsenso malowo. Eni ake anapatsidwa mtengo wa pamsika ngati kuti nyumbayo inalibe vuto, komanso mwayi woyamba wogulanso puloti yawo, koma ambiri sanathe kubwerera chifukwa malo anali atakwera mtengo. Mabanja ena anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha, kusiya makapeti, matilesi, makatani ndi zidole za ana, pakuti chilichonse chansalu chinkatengedwa kuti chaipitsidwa. Nyumba zosagwetsedwa anaziika chizindikiro cha chenjezo pa bokosi la mita kuti amisiri azidziwa. Ku New South Wales nakonso kuli kaundula wa nyumba zotere, amene aliyense wofuna kugula kapena kuchita lendi angathe kuona.

Kodi mumadziwa kuti madokotala a ku Australia amagawa odwala m'magulu atatu otsatizana? Oyamba anali okumba ndi ogwira ntchito m'mafakitale. Achiwiri anali amisiri: akalipentala, okonza mapaipi, amagetsi, okonza sitima zapamadzi. Achitatu ndi eni nyumba okonza okha, akazi awo amene ankasesa fumbi ndi kuchapa zovala, ndi ana amene ankagwirizira bolodi bambo akucheka. 

Nanga amene anapindula anapita kuti? Kampani ya James Hardie, imene inali patsogolo popanga fibro, inasiya kugwiritsa ntchito asibesitosi mu 1987. Mu 2001 inaika madola 293 miliyoni m'thumba lolipirira odwala, n'kusamutsira likulu lake ku Netherlands. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti ndalamazo zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi zofunika. Amene anaima patsogolo pa nkhondo yofuna kuti odwala alipidwe ndi Bernie Banton, yemwe anagwirapo ntchito pafakitale ya kampaniyo ku Camellia mu Sydney, ndipo ankayankhula pa wailesi yakanema ali ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno. Thumba latsopano linakhazikitsidwa mu 2007, ndipo iye anamwalira ndi mesothelioma mu Novembala chaka chomwecho. Thumbalo ndi la odwala. Bilu yochotsa mabolodi m'makoma inatsalira mwini nyumba, amene mwina anali asanabadwe pamene mabolodiwo ankagulitsidwa, ndipo ine ndimaona kuti pamenepa chilungamo chinaperewera.

Kodi mumadziwa kuti pali tawuni imene inafufutidwa pamapu? Wittenoom, ku Western Australia, ankakumbako asibesitosi wabuluu mpaka 1966. Anthu oposa 2,000 amene anagwira ntchito kapena kukhala kumeneko anafa ndi matenda ake. Boma linadula magetsi mu 2006, linachotsa dzina la tawuniyo mu 2007, ndipo wokhalako womaliza anachotsedwa mu 2022. Malo oipitsidwa ndi mahekitala oposa 46,000, dziko la makolo a anthu a mtundu wa Banjima.

Kwa abale athu ogula nyumba ku Britain: kodi mumadziwa kuti nyumba iliyonse yomangidwa kapena kukonzedwa chisanafike chaka cha 2000 ikhoza kukhala naye? Wabuluu ndi wofiirira analetsedwa mu 1985, woyera anatsala mpaka 1999. Muyang'ane siling'i zokhala ndi mizeremizere za Artex, zimene zinkakhala ndi asibesitosi woyera mpaka m'zaka za m'ma 1980, denga la galaja, matailosi a pansi, thanki ya madzi ya kudenga ndi mabolodi ozungulira boyila. Malamulo a 2012 amapereka udindo woyang'anira asibesitosi kwa eni nyumba za malonda ndi malo odutsamo onse m'mafulati, osati kwa munthu wokhala m'nyumba yakeyake. Koma mmisiri aliyense amene mwamulemba amayenera kutsatira malamulowo. Mabolodi ofewa otchinga moto, zokulungira mapaipi ndi zopopera zimafuna kontilakitala wa laisensi ya ofesi ya boma ya HSE, amene amadziwitsa akuluakulu masiku 14 ntchito isanayambe. Malata a simenti safuna laisensi, ndipo makhonsolo ena amalandira ochepa okulungidwa bwino mukawauza pasadakhale. Kuyendera nyumba yonse pofufuza asibesitosi kumadya mapaundi mazana angapo, ndalama yochepa poyerekeza ndi ngongole ya nyumba ya zaka 25. Anthu pafupifupi 5,000 amafabe chaka chilichonse m'dzikomo ndi matenda a asibesitosi.

Kodi mumadziwa kuti kwina sungagulitse nyumba popanda pepala la asibesitosi? Ku France pepalalo limafunika pa nyumba iliyonse imene chilolezo chomangira chinaperekedwa pasanafike pa 1 Julayi 1997. Ku Flanders m'dziko la Belgium, kuyambira Novembala 2022, limafunika pa nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 2001. Poland inadziikira chaka cha 2032 kuti idzakhale itachotsa yense. America inachedwa: chiletso cha 1989 chinagwetsedwa ndi khoti mu 1991, ndipo asibesitosi woyera analetsedwa mu Malichi 2024. Pamenepo n'kuti Russia ndi Kazakhstan akukumbabe, ndipo maiko ngati India akumangirabe.

Tsopano tifike ku Joni, kumene nkhaniyi imatikhudza pakhungu. Kodi mumadziwa kuti South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008, ndipo mu Novembala 2020 inatulutsa malamulo atsopano a kachotsedwe kake? Ntchito anaigawa patatu. Ya gulu loyamba, monga kupenta malata osawapala kapena kuchotsa osafika masikweya mita 10, ndi yokhayo imene ingagwiridwe popanda kontilakitala wolembetsedwa ku unduna wa zantchito. Zina zonse zimafuna wolembetsedwa, ndondomeko yolembedwa, ndi kudziwitsa undunawo ntchito isanayambe. Malata a Big Six adakali pa magalaja ndi nyumba za antchito m'madera a anthu opeza bwino a Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndiponso pa nyumba zikwizikwi za ku Soweto ndi malokeshoni ena.

Papepala malamulowo ndi abwino. Koma mwini nyumba akamva mtengo wa kontilakitala, pali njira yachidule imene aliyense amaidziwa: kupita pageti la sitolo ya zomangira, kumene anyamata amaima ndi zikwangwani za makatoni, n'kutengapo awiri. Pakati pa anyamata amenewo pali Amalawi ambiri. Amakwera padenga ndi galayindala, kansalu kali pamphuno, fumbi loyera lili m'tsitsi ndi m'nsidze, madzulo n'kulandira ya tsikulo. Ovololo imapita kuchipinda cha lendi kumene mkazi amaikutumula asanaichape, mwana ali kumsana. Ndalama imene bwana wapulumutsa sinasowe. Wailipira ndi mnyamata uja, ndipo adzaimva ali kumudzi ku Mzimba kapena ku Mangochi zaka makumi atatu zikubwerazo, akumwa mankhwala a TB amene sakumuchiza.

Kodi mumadziwa kuti ndalama zochotsera madenga a anthu osauka zinafikapo m'khoti? Mu 2014 chigawo cha Free State chinapereka kontilakiti ya marandi 255 miliyoni yowerenga ndi kuchotsa madenga a asibesitosi. Komishoni ya Zondo inamva kuti ntchito yowerengayo inagwiridwa ndi kampani ina pa marandi pafupifupi 21 miliyoni okha, ndipo madengawo sanachotsedwe. Amene anali mtsogoleri wa chigawocho, Ace Magashule, anaonekera m'khoti mu Novembala 2020, ndipo mlanduwo amaukana.

Kodi mumadziwa kuti agogo athu ena anakumba nawo mwalawu? Migodi ya Shabanie ku Zvishavane ndi Gaths ku Mashava, m'dziko la Zimbabwe, inali m'gulu la migodi ikuluikulu ya asibesitosi woyera mu Africa, ndipo ambiri mwa antchito ake anachokera ku Nyasaland. Zidzukulu zawo zikuyankhulabe Chichewa m'makomboni a kumeneko. Malata ake anafolera masukulu, zipatala ndi nyumba za boma m'chigawo chonse chino, kuyambira ku Copperbelt mpaka ku Zomba. Ku Mozambique amawatchula lusalite, dzina la fakitale imene inkawapanga. Dzikolo linaletsa asibesitosi mu 2010, komabe namondwe Idai atagwetsa madenga ku Beira mu 2019, zidutswa zake zinali mbwee m'misewu ndi m'mabwalo. Zidutswa zotere si zotsekera maenje mumsewu, si zotchingira dimba, si zoyika pamoto, ndipo si zoti ana azijambulira pansi. Zinyowetseni, zikulungeni m'pulasitiki, mufunse a khonsolo kotayira.

Kodi mumadziwa kuti ku Britain bwana wa ntchito ya laisensi amayenera kusunga mbiri ya umoyo wa wantchito aliyense kwa zaka 40? Amatero podziwa kuti nthendayi idzabwera kampani itasintha dzina, kapitawo atamwalira, ndipo wodwalayo adzafunika umboni wa kumene anapumira fumbi. Waganyu alibe womusungira fayilo. Ngati muli ku Joni ndipo akuuzani kuti mukwere pa denga la malata otuwa a simenti, funsani chaka chimene nyumbayo inamangidwa ndiponso ngati anayezetsa. Galayindala ikaneni. Chophimba mphuno chikhale cha FFP2 kapena FFP3, osati kansalu, ndipo zovala za tsikulo zisalowe m'nyumba. Ngati munagwirapo kale ntchito zotere, lembani m'kope adiresi, chaka ndi dzina la amene anakulembani, mujambule ndi foni ngati malowo alipobe, ndipo tsiku limene mudzapite kuchipatala ndi chifuwa chosamva mankhwala mudzawauze adokotala kuti munagwirapo asibesitosi.